Masiki Yofiira ya Sophie

Panali chinthu chimodzi chimene Millie anali asanauzepo munthu, ndipo ngakhale popemphera ankachidumpha ngati chithaphwi. Lamulungu lija, anzake atazungulira wayilesi mu hositelo kumvera ulaliki, iye anazemba n'kupita ku chingwe choyanikapo zovala, n'kuchotsapo masiki yomwe sinali yake. Sikuti anasokoneza ayi. Yake yobiriwira inali pompo, youma bwinobwino. Anaisiya dala, n'kutenga yofiira ya timbalame tachikasu, ya Sophie, mnzake wogona naye chipinda chimodzi.

Munthu akhoza kunena kuti kansalu n'kachani. Koma pa sukulu yawo ya unamwino, mu Januwale umenewo, kansalu kanali nkhope ya munthu. Korona itabukanso, geti linatsekedwa: wotuluka palibe, wolowa palibe. A chaka chachiwiri, omwe ndi a Millie, analetsedwa kusakanikirana ndi a chaka chachitatu omwe ankagwira ntchito m'mawodi. Yunifolomu yofanana, tsitsi lomanga mofanana, nkhope yobisika kuyambira pamphuno kutsika. Ndiye anthu anayamba kudziwana ndi nsalu. Aliyense anali ndi yake, ndipo sinkasintha. Wa nangula wabuluu anali Diana. Wobiriwira anali Millie. Wa timbalame anali Sophie. Ngakhale a matironi akaona wina akuthamanga patali ankakuwa nsalu, osati dzina.

Millie ankadziwa zonsezi. N'chifukwa chake anatenga ya mnzake.

Anadutsa pa kampata ka mpanda kuseri kwa thanki ya madzi, n'kulowa m'munda wa tiyi wa esiteti yoyandikana nawo. Pansi pa bulugamu panali Lenard Namakhwa, wa chaka chachitatu, ali ndi chinanazi chimodzi ndi mpeni. Chibwenzi chawo chinali cha miyezi isanu, chobisa ngati mimba ya mwana wa sukulu, ndipo anali atatha milungu itatu akungoonana patali.

Lenard atamuona anadzidzimuka mpaka mpeni unagwera m'udzu.

"Sophie?"

"Ndine, iwe."

Mnyamatayo anaseka. Anaseka nthawi yaitali kuposa mmene nthabwalayo inkafunira. Kenako anabwera pafupi, n'kumuvula masiki ija ndi zala zomata madzi a chinanazi.

"Ndinaiwala kuti uli ndi pakamwa," anatero.

Zomwe anakambirana pansi pa bulugamu uja Millie amazisunga yekha. Chomwe tinganene n'chakuti chinanazi chinatha, dzuwa linapendekera ku Thuchila, ndipo pobwerera anachapa masiki ija msangamsanga n'kuibwezera pa chingwe.

* * *

Nkhani inaphulika Lachinayi m'mawa pa mzere wa phala. Ankaima motalikirana, aliyense pa kabwalo kake kopenta pansi, moti miseche yomwe kale inkayenda monong'ona tsopano inkayenda mokuwa.

"Mwamva?" anatero Diana, yemwe nkhani ikamufika m'khutu inkamuyabwa mpaka aitulutse. "Lenard amupeza nayo. Dzulo lomweli. Mutu unamugwira ali ku wodi ya amuna, kumuyeza, ili m'thupi."

Mbale ya Millie inagunda bondo lake.

"Koma zokoma si zimenezo. A Robson, alonda a pa geti, auza a matironi kuti Lamulungu anamuona akutuluka m'tiyi ndi mtsikana." Diana anadikira kaye kuti makutu onse atcherere. "Wa timbalame."

Mzere wonse unatembenuka nthawi imodzi. Sophie anali wachitatu kuchokera kumapeto, masiki yofiira ili pankhope ngati mbendera.

Millie anatseka maso, kudikira mkuwo. Sophie ameneyu ndi yemwe anakangana ndi mphunzitsi sabata yathunthu chifukwa cha theka la malikisi. Munthu wotere sangalole bodza limukhale pamutu ngakhale mphindi imodzi. Akana, alumbira, afunsa kuti ndani anakhudza nsalu yake, ndipo zonse zithera pamzere pomwepa.

Koma Sophie anangokweza mapewa.

"Ndiye mwaima chifukwa chiyani? Phala likuzizira."

"Sukukana?" anafunsa Diana.

"Ndikane chiyani? Maso ndi a a Robson, pakamwa ndi pawo."

"Eee! Mtima wako ndi wa mwala, mkazi iwe. Ife tikuvutika kusamba m'manja mpaka khungu kusupuka, iwe ukukatitengera imfa m'tiyi?"

Amene anali pafupi naye anasuntha, kusiya timabwalo tawo. Wina anati a chaka chachitatu onse ndi akuba. Wina anati iye anali akukayikira kuyambira kale. Millie anaweramira mbale yake. Phala lija analidya ngati dothi.

* * *

A matironi analamula kuti Sophie akabindikiritsidwe m'kalasi yakale kuseri kwa laibulale kwa masiku khumi ndi anayi. Millie, poti mnzakeyo sanali kudwala, anangouzidwa kuti azidziyang'anira. Anaima pakhomo la chipinda chawo n'kumaonerera Sophie akupinda zovala mosafulumira, ngati munthu wopita kutchuthi.

"Sophie."

"Ee, mayi."

"Bwanji sunakane?"

Sophie anapinda thawulo kawiri, n'kuliika m'chikwama.

"Iwe wadziwa bwanji kuti ndimayenera kukana?"

"Ndangofunsa."

"Wangofunsa." Anatenga sopo, msuwachi, kabuku ka nyimbo. "Ukudziwa, mvula ya ku Mulanje kuno imandidabwitsa. Lamulungu madzulo ndinapita ku chingwe. Nsalu za anzanga zonse zouma gwa. Yako youma. Ya Diana youma. Yanga yokha ikudontha. Mvula yosankha nsalu, unaionapo?"

Millie anayang'ana pansi. Pa simenti panali nyerere ikukoka kachidutswa ka buledi, ndipo anaiyang'ana ngati ndi yomwe imuyankhire.

"Mwina inagwera m'beseni," anatero.

"Mwina." Sophie anatseka zipi. Maso ake pamwamba pa nsalu yofiira ija sankaoneka okwiya, ndipo chimenecho n'chimene chinamuopsa Millie kwambiri. "Usandidandaule. Akuti zenera la kalasi yakaleyo limayang'anizana ndi nyumba yomwe agonekamo odwala. Sindisowa woonana naye."

Anatuluka akuimba chamumtima.

* * *

Masana amenewo Millie anakakhala kuseri kwa thanki, komwe netiweki inkagwira, n'kulembera Lenard uthenga pa foni.

*Uli bwanji? Bwanji sunandiuze dzulo?*

Yankho linabwera msanga. *Mutu ndi chifuwa basi. Usadandaule mami. Dzulo anandilanda mtendere ndi mafunso.*

*Mafunso anji?*

*Fomu ya a zaumoyo. Akuti ulembe aliyense yemwe unakhala naye pafupi sabata yonse. Ndalemba anyamata a m'chipinda ndi a ku wodi. Mtsikana sindinalembe aliyense. Ndakuteteza.*

Millie anawerenga mawu omalizawo katatu. Anali okoma. Koma pansi pa kukomako panali kanthu kena, ngati mchenga mu mpunga.

*Nanga Sophie?*

Foni inaonetsa kuti Lenard akulemba. Kenako inasiya. Inaonetsanso. Inasiyanso. Millie anawerenga akhwangwala asanu ndi awiri pa denga la holo yankho lisanafike.

*Zimenezo ndi za a Robson. Iwe khala chete. Ukayankhula tonse tapita, ndipo amalume ako amva.*

*Amuchotsa sukulu, Lenard.*

*Samuchotsa. Sophie ndi wochenjera, adziwombola yekha.*

*Ukumudziwa bwino chonchi?*

*Wayamba. Munthu ndikudwala, iwe ukundiimba mlandu.*

*Lamulungu unandiitana dzina lake.*

*Unavala nsalu yake! Umafuna ndikuitane Diana?*

Zinali zoona, ndipo Millie anachita manyazi. Analemba kuti pepa, n'kufufuta. Analembanso, n'kutumiza. Lenard anabweza kamtima kofiira kamodzi. Kale ankatumiza titatu.

Za amalume zija sizinali zongoopseza. A Elson Muhiwa, mchimwene wa mayi ake, ndi omwe anali mwinimbumba kwawo ku Thuchila. Zaka zinayi zapitazo Stella, mkulu wake wa Millie, anatenga mimba ali fomu 3, ndipo mwini mimbayo anali Chester Namakhwa wa ku Milonde. A Elson anapalasa njinga katatu kukakhala pabwalo la a Namakhwa. Ulendo woyamba anawapatsa mpando. Wachiwiri anawasiya ali chiimire. Wachitatu anawauza kuti Chester anawolokera ku Vila, tsidya la malire, ndipo kuti mwana wa eni asamunamizire. Atabwerera kunyumba sanakalipe. Anangovula chipewa n'kunena pamaso pa onse kuti, "Ndili moyo ine, m'mbumba mwanga simudzalowanso Namakhwa."

Lenard anali mng'ono wake wa Chester, bere limodzi.

* * *

Loweruka linali tsiku la makolo. Sankalowa. Ankasiya katundu pa tebulo la pa geti, a Robson n'kumuwaza madzi a kolorini, ndipo wophunzira yemwe anali pa ntchito sabata imeneyo ankanyamula kukapereka kwa obindikiritsidwa. Mwa tsoka kapena mwa chilango cha Mulungu, sabata imeneyo anali Millie.

"Iwe wobiriwira, tabwera kuno, mwana wanga."

Kunja kwa geti kunali mayi wamfupi wonenepa, atamanga chitenje cha mpingo, thukuta lili kamukamu pamphumi. Pa tebulo anali ataikapo mabakuli awiri omanga m'nsalu.

"Ili ndi la Lenard Namakhwa. Ndine mayi ake."

Millie anangotsala pang'ono kuwagwadira mwaulemu. Anali atawalota mayi amenewa kambirimbiri, akumulandira pakhonde, akumufunsa ngati amadziwa kusinja. Sanalotepo kuti adzakumana pali geti pakati.

"Nanga linalo, mayi?"

"Linalo ndi la apongozi anga." Mayiwo anaseka mpaka masiki yawo inatsika pamphuno. "Usadabwe. Nkhani inafika ku Milonde dzana, pa kabaza. Ena amayesa ndikwiya. Ndikwiyirenji? Mwana wanga wakula, ndevu zili apo. Ukumudziwa Sophie ameneyu?"

"Timagona chipinda chimodzi."

"Ambuye ndi abwino! Ndiye tandiuza mosabisa. Ndi waulemu? Akuti bambo ake ndi aphunzitsi ku Mishoni."

"Ndi waulemu."

"Si wa anyamata ambiri?"

"Sindikudziwa, mayi."

"Ukudziwa, koma ukumubisira. Ndiwe mnzake wabwino." Anasisita bakuli lija ngati mutu wa mwana. "Muli kalongonda umu, nyemba zathu zoledzeretsa zija. Ndinayamba kumuphika dzulo m'mawa, madzi ndataya kasanu. Kalongonda saphikira mlendo wamba, ukudziwa iwe. Umuuze kuti matendawa akatha tikufuna tikaone kwawo. Nanga iwe kwanu n'kuti?"

"Ku Thuchila."

Nkhope ya mayiwo inasintha ngati kuti wina watseka chitseko.

"Ku Thuchila. Hm. Kumeneko kuli anthu a pakamwa. Kuli banja lina linamunamizira Chester wanga mimba, mpaka mwana anathawa dziko. Chaka chachinayi chino sindinamuone. Koma si nonse, mwana wanga, usadandaule. Iwe maso ako ndi ofatsa."

Millie anathokoza nsalu yobiriwira ija chifukwa chobisa milomo yake. Ananyamula mabakuli onse awiri. La Sophie linali lolemera kuposa la Lenard.

* * *

Anagogoda pa zenera la kalasi yakale, n'kuika bakuli pa mpando womwe unali panja, n'kubwerera mapazi atatu monga mwa lamulo. Sophie anatsegula, anamasula nsalu, ananunkhiza.

"Kalongonda! Wachokera kuti?"

"Kwa apongozi ako."

Sophie anayang'ana Millie, anayang'ana bakuli, kenako anaseka mpaka kugwira chitsulo cha zenera.

"Mayo ine! Ndakwatiwa ndili m'ndende! Anati chiyaninso?"

"Akufuna akaone kwanu."

"Auze abwere ndi ankhoswe ovala masiki." Anatapa ndi zala n'kuponya m'kamwa. "Mmm. Mayi amenewa amadziwa. Ukanalawa, koma malamulo, mnzanga."

Kenako anakweza dzanja n'kubayibitsa, osati kwa Millie, koma kupyola paphewa lake. Millie anacheuka. Tsidya la kapinga, pa nyumba ya odwala, katani ya zenera lachiwiri inali ikugwedezeka, ngati wina wangoisiya kumene.

"Mumayankhulana?"

"Ndi manja. Pali lamulo loletsa manja?"

"Sophie, ukufuna chiyani kwenikweni?"

Kuseka kuja kunazima. Sophie anapukuta zala pa nsalu, n'kutulutsa pepala m'thumba la diresi n'kuliika pa galasi. Millie anaona chidindo cha sukulu.

"Lachitatu komiti ikhala. Akuti wodumpha mpanda nthawi ya mliri alibe malo mu unamwino. Bambo anga sakudziwa. Ali ndi shuga, ndipo auza mpingo wonse kuti mwana wawo ndi nesi." Anachotsa pepala lija pa galasi. "Ndiye usandifunse zomwe ndikufuna."

"Kana, Sophie! Uwauze kuti si iwe."

"Ndikakana andifunsa kuti ndani. Ndinene ndani, Millie?"

Mphepo inadutsa m'mabulugamu. Dzina lija linali pakati pawo ngati njoka yomwe aliyense waiona koma palibe wofuna kuyamba kukuwa. Millie anatsegula pakamwa. Anaona chipewa cha amalume ake. Anatsekanso.

"Ndimadziwa," anatero Sophie mofatsa. "Pita, anthu akukuona. Koma ndikuuze kanthu kamodzi, poti ndiwe mnzanga. Sabata ili ndi masiku asanu ndi awiri. Iwe ukungowerenga Lamulungu lokha."

Zenera linatsekedwa.

Mawu amenewo anamutsatira Millie kulikonse. Ku bafa, ku holo, pa mzere wa nyemba. Analembera Lenard kuwafunsa tanthauzo lake. Lenard anayankha kuti Sophie ndi wamisala, kuti kutentha thupi kwamubwerera, kuti akufuna kugona. Lamulungu lonse foni yake inali yozima.

* * *

Lolemba m'mawa a chaka chachiwiri ankayenera kuyamba ku mawodi koyamba chitsekereni geti. Dzina la Millie linali pa bolodi: ku nazale, kwa ana obadwa masiku osakwana. Anasita yunifolomu, anapukuta nsapato, anatuluka panja ndi ena.

"Eee, lero fakitale yanyanya," anatero Diana akukupiza dzanja pamphuno. "Tiyi ameneyu akulowa mpaka mu masiki."

M'mawa uliwonse nthawi ya dzinja mphepo inkabweretsa fungo la tiyi wowumitsidwa ku fakitale ya esiteti, fungo ngati la udzu wonyowa wosakaniza ndi shuga wopserera. Millie ankalikonda kuyambira tsiku lomwe anafika pa sukuluyi. Anakoka mpweya.

Palibe.

Anatsitsa masiki pang'ono n'kukokanso. Mphepo yozizira basi, yopanda kanthu, ngati madzi. Anabwerera m'chipinda mothamanga. Ananunkhiza sopo. Ananunkhiza polishi wa nsapato. Anatsegula kabotolo ka mafuta opaka pachifuwa, omwe amatulutsa misozi ngakhale kwa munthu wa chimfine, n'kulowetsamo mphuno yonse.

Palibe.

Anakhala pa bedi la Sophie lopanda zofunda. Anali ataphunzira zizindikiro za korona, anali atazilemba pa mayeso n'kukhoza. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, amatero akulu. Koma chitseko chake chinali ndi anthu ambiri kuseri kwake.

Belu linalira. A matironi anali akukuwa panja kuti aliyense wopita ku wodi ayambe wadutsa pa khonde la holo, kwabwera a zaumoyo.

* * *

Pa khondepo panali matebulo atatu ndi mizere itatu. Millie anaima pa wapakati, mutu uli pansi. Atatsala anthu anayi anamva chifuwa chomwe ankachidziwa kuyambira ali wakhanda, kutsokomola kwa munthu wofuna kuyamba nthabwala. Anakweza maso. Malaya abuluu a mlangizi wa zaumoyo, magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi, chipewa chili pa tebulo. Anali amalume ake, a Elson.

Anayesa kusamukira mzere wina.

"Iwe wobiriwira! Mayendedwe amenewo ndi a mchemwali wanga. Ungavale thumba kumutu, ine ndikudziwa. Bwera kuno."

Atsikana anaseka. Millie anakhala pa mpando, tebulo lili pakati pawo.

"Mwadzuka bwanji, amalume?"

"Ndadzuka, a Nesi athu. Atibwereka kuno kuyambira sabata yatha, anthu achepa. Mayi ako akupereka moni. Stella akuti umutumizire chithunzi cha yunifolomu, mwana wake akuuza anzake kuti mayi ake aang'ono amabaya jakisoni." Analoza kachipangizo koyezera kutentha pamphumi pake. "Mfuti yanga ikuti uli bwino. Mutu?"

"Ayi."

"Chifuwa? Pakhosi?"

"Ayi."

"Fungo ukumva?"

Cholembera chinali chitayamba kale kuchonga. Chinaima chifukwa yankho silinabwere.

"Millie."

"Sindikumva, amalume. Kuyambira m'mawa."

A Elson anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Nthabwala zinachoka pankhope pawo. Anakweza dzanja kuuza a pambuyo kuti asunthe, ndipo mzere unabwerera m'mbuyo ngati ng'ombe zaona moto.

"Usaope. Ndiwe mwana, thupi lako ndi lolimba. Ku nazale sukupita, tikuyeza pompano. Koma tiyambe tapeza njira yomwe yadzera." Anatsegula chikwama n'kutulutsa mapepala omanga ndi mphira. "Umagona ndi Sophie uja, eti? Ndikanati ndi iyeyo. Koma Sophie tamuyeza kawiri, alibe. Ndipo matendawa sauluka pa lichero. Amayenda ndi munthu."

Anafufuza m'mapepala muja n'kusolola limodzi.

"Zonsezi gwero lake ndi uyu. Namakhwa." Dzinalo analitchula ngati akulavula njere ya ndimu. "Ndinangoona dzina Lachitatu, ndinati Ambuye mundigwire dzanja, ndigwire ntchito ya boma. Mkulu wake anatiwonongera Stella. Uyu naye wayamba ana a eni. Mtundu sunama. Bola iwe, mwana wa mchemwali wanga, unamva."

Anaika pepalalo pa tebulo, n'kulitsamiritsa ndi chipewa kuti lisauluke. Millie sanafune kuyang'ana. Koma dzanja lija ankalidziwa, zilembo zopendekera kumanja, zomwe zinkamulembera timakalata tobisa m'buku la uzamba. Mayina a anyamata asanu ndi mmodzi. Ndipo pa mzere wachisanu ndi chiwiri:

*Sophie Likaka. Loweruka. Maola awiri. Kuseri kwa laibulale.*

Khonde lonse linapendekeka.

"Analemba yekha?" anafunsa Millie.

"Yekha, ndi dzanja lake, ine ndili pompo."

"Lachitatu?"

"Lachitatu masana. Bwanji?"

Lachitatu. A Robson anali asanayankhule. *Mtsikana sindinalembe aliyense. Ndakuteteza.* Mpeni wogwera m'udzu. Katani yogwedezeka. Sabata ya masiku asanu ndi awiri. Zonse zinabwera pamodzi n'kukhala pachifuwa pake ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi.

"Chomwe chikundisowetsa tulo n'chakuti masiku sakugwirizana," anapitiriza a Elson, chala chili pa pepala. "Mnyamata akuti Loweruka, m'kati mwa mpanda. Alonda akuti Lamulungu, m'tiyi. A matironi akuti n'chimodzimodzi, nsalu ndi yomweyo. Ine ndikuti ayi. Zaka makumi awiri ndikutsata matenda m'midzi, ndikudziwa phazi la munthu mmodzi ndi la anthu awiri. Pali mtsikana wina pano. Akuyenda, akudya ndi anzake, mwina ndi amene wakupatsira iwe. Tandithandiza. Iwe uli m'katimu. Wamvapo kanthu?"

Njira inali yotseguka, yotakata ngati msewu wa ku Limbe. Akanangoti sindikudziwa. Akanamugoneka masiku khumi ndi anayi, akanachira, amalume akanabwerera ku Thuchila akunyadira. Lachitatu komiti ikanakhala, ndipo Sophie akananyamula chikwama chake. Kodi sanali woyenera? Mnzake wogona naye chipinda chimodzi, wodya naye mbale imodzi, maola awiri kuseri kwa laibulale! Apite. Akadye kalongonda wake ku Milonde.

Koma Loweruka la Sophie linali m'kati mwa mpanda. Mpanda anadumpha ndi wina. Ndipo Sophie, ndi zoipa zake zonse, anafunsidwa dzina masiku anayi osalitchula.

Millie anayang'ananso pepala lija. Miyezi isanu. Timakalata, chinanazi, malonjezo a pansi pa bulugamu. Mizere isanu ndi iwiri, ndipo iye panalibepo. Kwa Lenard anali chinsinsi, kwa mayi ake anali wobiriwira wonyamula mabakuli, kwa a Robson anali Sophie. Anatopa nako kusakhalapo.

"Amalume."

"Ee."

"Musamufunenso mtsikanayo."

A Elson anakweza maso pang'onopang'ono.

"Masiki yofiira ija ndinavala ndine. Ndinachita kuiba pa chingwe, dala, kuti wondiona ayese ndi Sophie. Mpanda ndinadumpha ndine. Sophie Lamulungu sanatuluke."

Sananong'one. Mawuwo anamveka mpaka pa tebulo lachitatu. Kumbuyo kwake wina anagwetsa cholembera, ndipo Diana anati "Mayo!" ngati wapondedwa. A matironi, omwe anali pa masitepe, anasiya kuyenda.

A Elson sanakalipe. Anayang'ana mwana wa mchemwali wawo nthawi yaitali, kenako anayang'ana chipewa chawo, koma sanachikhudze. Anakoka pepala lija, n'kulemba nambala 8 pansi pa dzina la Sophie. Analemba dzina lonse, tsiku, malo. Atafika pa bokosi lomaliza anawerenga funso lake monga linalembedwera, ndi mawu a ntchito, osamuyang'ana.

"Ubale wanu ndi wodwala?"

Tsidya la kapinga zenera la kalasi yakale linali lotsegula, ndipo nsalu yofiira inali ikuonekera. Pa nyumba ya odwala katani ija inagwedezekanso.

Millie anawayang'ana amalume ake m'maso.

"Lembani kuti chibwenzi, amalume. Ngakhale iyeyo sanalembe."